Galimoto ya magetsi yakale: chaka chimaulula batire, batire limatchula mtengo

TETE — Owerenga athu, m'chigawo chino ndi anthu owerengeka okha amene anagulapo galimoto yatsopano. Ambirife timagula yoyenda kale. Imachokera ku Japan, imatsika m'sitima pa doko la Beira, Maputo kapena Durban, despachante amatha za mapepala ku alfândega, ndiye imafika pakhomo. Aliyense amene anagulapo amadziwa mafunso awiri oyamba: ndi ya chaka chanji, nanga yayenda makilomita angati?

Zaka zino, pakati pa ma Vitz ndi ma Corolla amene ogulitsa a ku Japan amatsatsa, papezekanso mlendo. Mlendoyu ndi galimoto yoyendera magetsi, makamaka Nissan Leaf. Siimwa gazolina, siifuna kusintha mafuta a injini, ndipo zina mwa izo mtengo wake ndi wotsika mokopa maso. Mlimi wa ku Angónia amene wagulitsa fodya ndi mbatata, kapena mphunzitsi wa ku Moatize amene watenga ngongole ku banki, akhoza kuima n'kudzifunsa kuti bwanji osatenga imeneyi.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto ya magetsi ndi yabwino kwa amene waimvetsa. Koma funso lija la chaka, limene tinazolowera kufunsa, pa galimoto imeneyi lili ndi tanthauzo lina. Amene salimvetsa akhoza kugula lero mokondwa, n'kudzasowa woigulitsa tsiku limene adzafune ndalama zake. Tiyeni tiione nkhaniyi bwinobwino.

THANKI IMENE IMACHEPA

Tengani Corolla ya 2008 ndi Corolla ya 2012. Mukadzaza thanki, zonse ziwiri zikufikitsani ku Songo ndi kubwerera. Yakaleyo mwina ikudya mafuta pang'ono, mwina mipando yake yatha, koma thanki yake ndi yomwe ija imene inabadwa nayo. N'chifukwa chake mtengo wa galimoto ya gazolina umatsika pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ngati munthu wotsika phiri losatsetsereka.

Pa galimoto ya magetsi, thanki ndi batire. Kukula kwake kumayezedwa ndi kWh, muyeso womwe uja umene timagula pa Credelec kuti tiyatse magetsi m'nyumba. Batire limeneli lili ndi makhalidwe awiri amene thanki ya gazolina ilibe.

Khalidwe loyamba: limachepa mphamvu zaka zikamapita. Limachepa likamagwira ntchito, limachepanso ngakhale galimoto itangoima pansi pa mtengo wa mango. Aliyense amene ali ndi foni ya m'manja akudziwa zimenezi. Foni ili yatsopano inkatha masiku awiri, lero ikuzima dzuwa lisanalowe.

Khalidwe lachiwiri: makampani akhala akukulitsa mabatire mofulumira. Galimoto ya dzina lomwelo, yooneka chimodzimodzi kunja, imatha kukhala ndi batire laling'ono kapena lalikulu malingana ndi chaka chimene inapangidwa. Choncho galimoto yakale imagonja kawiri. Inabadwa ndi thanki yaing'ono, ndipo thanki yaing'onoyo yachepanso.

Batire ndilo chiwalo chodula kwambiri pa galimoto yonse. Ndiye wogula wochenjera akamafunsa chaka, kwenikweni akufunsa za batire.

MAKWERERO A NISSAN LEAF

Tiyambe ndi Leaf, poti ndiyo imapezeka kwambiri kwa ogulitsa a ku Japan, ndipo chiwongolero chake chili kumanja monga zifunikira pa misewu yathu.

Leaf inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010 ku Japan ndi ku America. Inali ndi batire la 24 kWh. Bungwe la boma la America lotchedwa EPA, limene limayeza magalimoto, linapeza kuti ikatchajidwa modzaza imayenda makilomita 117. Kumapeto kwa 2015 kunabwera batire la 30 kWh, loyenda makilomita 172 pa muyeso womwewo. Mu Okutobala 2017 ku Japan kunatuluka Leaf ya maonekedwe atsopano, ya batire la 40 kWh, yoyenda makilomita pafupifupi 240. Mu 2019 kunabwera Leaf e+, ya batire la 62 kWh, yoyenda makilomita pafupifupi 360. Mu 2025 kampaniyi inaonetsa Leaf ya mtundu wachitatu, imene batire lake lalikulu ndi la 75 kWh.

Taonani manambalawo: 117, 172, 240, 360. M'zaka zosakwana khumi, ulendo wa galimoto imodzi unakula katatu. Palibe galimoto ya gazolina imene inasinthapo motero.

Nanga zimenezi zimatani pa mtengo? Mtengo wa Leaf yakale umatsika ngati makwerero. Leaf ya 2013 ndi ya 2014 zili pa sitepe imodzi, chifukwa zonse ndi za 24 kWh, ndipo kusiyana kwa mitengo yake kumadalira kwambiri mmene batire lasungidwira. Koma pakati pa Leaf ya 30 kWh ndi ya 40 kWh pali sitepe lalikulu, ngakhale zitasiyana miyezi yochepa chabe pa tsiku lobadwa. Tsiku limene batire lalikulu latuluka, eni ake a batire laling'ono amadzuka galimoto zawo zitatsika mtengo, zisanayende ngakhale kilomita imodzi yoonjezera.

Pamenepa pali msampha umene wogula ayenera kuudziwa. Zaka zina zili pa malire. Ku Japan, mu 2016 ankagulitsa Leaf ya 24 kWh ndi ya 30 kWh nthawi imodzi. Ya 2017 ikhoza kukhala yakale ya 30 kWh kapena yatsopano ya 40 kWh. Kuyambira 2019, ya batire la 40 kWh inapitiriza kugulitsidwa pamodzi ndi e+. Ndiye wina akakuuzani kuti galimoto ndi ya 2016, sanakuuzeni zonse. Nambala ya chasisi imathandiza. Yoyamba ndi ZE0 ndi ya gulu loyambirira, la 2010 mpaka 2012. Yoyamba ndi AZE0 ndi ya kumapeto kwa 2012 mpaka 2017. Yoyamba ndi ZE1 ndi ya maonekedwe a kumapeto kwa 2017 kupita m'tsogolo.

Makwerero otere sali pa Nissan yokha. BMW i3, imene inagulitsidwanso ku South Africa, inayamba mu 2013 ndi batire la 22 kWh, mu 2016 linafika pa 33 kWh, mu 2018 pa 42 kWh, ndipo inasiya kupangidwa mu 2022. Renault Zoe ya ku France inayamba ndi 22 kWh, kumapeto kwa 2016 inafika pa 41 kWh, ndipo mu 2019 pa 52 kWh. Paliponse nkhani ndi yomweyo: dzina limodzi, mathanki osiyana.

DZUWA LA TETE

Tsopano tibwere pa mfundo imene ikutikhudza ife kuposa anthu a ku Tokyo kapena London. Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha.

Mu 2012, eni ake a Leaf mu mzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, anayamba kudandaula kuti mabatire awo akuchepa mphamvu msanga, galimoto zisanathe ngakhale zaka ziwiri. Phoenix ndi mzinda wa m'chipululu, kumene nyengo yotentha imapyola madigiri 40. Chifukwa chake chinali chakuti batire la Leaf linalibe makina oliziziritsa. Linkangodalira mpweya kuti uchotse kutentha. Magalimoto ena, monga Tesla, amayendetsa madzi oziziritsa mkati mwa batire.

Nissan inayankha ndi garantiya yapadera: batire la 24 kWh likatsika kwambiri mkati mwa zaka zisanu kapena makilomita pafupifupi 100,000, kampani inkalikonza. Pa galimoto za 2015 inasinthanso kapangidwe ka mkati mwa batire kuti lizipirira kutentha. Koma Leaf zonse za mitundu iwiri yoyamba, kuphatikizapo za 40 ndi 62 kWh, zinakhalabe zopanda madzi oziziritsa. Madziwo anabwera ndi mtundu wachitatu wa 2025.

Kampani ya ku Canada yotchedwa Geotab, imene imatsata magalimoto ambirimbiri a makampani, inayerekeza magalimoto awiri a chaka cha 2015. Inapeza kuti batire la Tesla Model S, loziziritsidwa ndi madzi, linkachepa ndi 2.3 peresenti pa chaka, pamene la Nissan Leaf linkachepa ndi 4.2 peresenti. Chaka chimodzimodzi, ukalamba wosiyana. Mu 2024 kampani yomweyo inanena kuti pa magalimoto amene inayeza, mabatire ankachepa ndi 1.8 peresenti pa chaka tikaphatikiza onse, kutsika kuchoka pa 2.3 imene inapeza mu 2019. Mabatire a zaka zaposachedwa amakalamba mochedwerapo, ndipo ichi n'chifukwa china chimene ogula amalipirira zambiri pa chaka chatsopano.

Ife a mu mzinda wa Tete sitifunika kuuzidwa za madigiri 40. Mu Okutobala ndi Novembala timawamva m'thupi, phula la pa mlatho wa Samora Machel likutentha mapazi. Leaf ya 2012 imene yakhala zaka zambiri m'nyengo ya ku Japan, ikafika m'chigwa cha Zambezi imakumana ndi dzuwa longa la ku Arizona, yatopa kale. Ku Ulónguè ndi ku Tsangano, kumene kumazizira, batire lomwelo lingapume bwino. Galimoto imodzi, chaka chimodzi, koma m'tsogolo mwake mukhala mosiyana malingana ndi kumene ikagona.

TIMIZERE KHUMI NDI TIWIRI

Mwamwayi, Leaf imaulula yokha thanzi la batire lake. Pa Leaf yakale, kutsogolo kwa woyendetsa kumbali ya kumanja kuli miyeso iwiri yoyandikana. Mizere yaitali imaonetsa magetsi amene mwatchaja lero. Timizere tating'ono ta m'mphepete timaonetsa mphamvu imene batire latsala nayo pa moyo wake. Tili 12 galimoto ikakhala yatsopano. Pa Leaf ya ZE1 muyeso umenewu umapezeka posintha zoonetsa za pa dashibodi.

Kamzere koyamba kamazima batire likataya pafupifupi 15 peresenti. Totsatira timazima kamodzi pa 6 peresenti iliyonse ndi kanthu pang'ono. Ndiye galimoto ya timizere 11 yatsala ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo ya timizere 8 yatsala ndi 60 mpaka 66 peresenti.

Tiwerenge pamodzi ndi misewu yathu. Kuchoka Tete kupita Moatize ndi makilomita pafupifupi 20. Kukafika pa malire a Zóbuè ndi pafupifupi 120. Ku Songo ndi pafupifupi 150. Ku Ulónguè ndi kupyola 200.

Tiyerekeze Leaf ya 2012 ya timizere 8. Ili yatsopano inkayenda makilomita 117. Lero ikuyenda 70 mpaka 77, ndipo mukayatsa makina oziziritsa m'galimoto, monga aliyense angachitire kuno, nambalayo itsikanso. Galimoto imeneyi ikupititsani ku Moatize ndi kukubwezani. Ku Zóbuè siifika, makamaka poti msewu wake ndi wokwera. Tiyerekezenso Leaf ya 2018 ya timizere 11. Makilomita 240 aja atsika kufika pafupifupi 190. Imeneyi ifika ku Zóbuè, ifika ku Songo, malinga ngati kumeneko kuli soketi ndi nthawi yoitchaja musanabwerere.

Tsopano dzifunseni funso la wogulitsa. Patapita zaka zitatu, mwana wapeza malo ku yunivesite ku Beira kapena ku Nampula, mukufuna ndalama, mwaganiza zogulitsa galimoto. Ya 2012 ija idzakhala itataya timizere tina. Ndani adzaigule? Woyendetsa takisi sangaifune, wamalonda wopita ku malire sangaifune. Atsala ndi munthu wa mu mzinda yekha, wokhala ndi mpanda ndi soketi, wosapita kutali. Ogula akachepa, mtengo umagwa. Ya 2018 idzakhalabe ndi anthu angapo oifunsa. Kutsika mtengo kwa yakale ija pa tsiku logula sikunali chifundo cha wogulitsa. Msika wa ku Japan unali utawerengera kale zonsezi.

YATSOPANO IKATSIKA, YAKALE IMAGWA

Pali chinthu chinanso chimene chimakankha mtengo, ndipo sichichokera m'galimoto yanu. Chimachokera ku fakitale.

Mu 2010 batire la galimoto linkadya madola oposa 1,000 pa kWh iliyonse. Malinga ndi kampani yofufuza za mphamvu ya BloombergNEF, mtengowo unali utafika pa madola 139 mu 2023 ndi madola 115 mu 2024. Batire likatsika mtengo, galimoto yatsopano imatsika. Yatsopano ikatsika, palibe amene angalipire zambiri pa yakale.

Chitsanzo chachikulu chinaoneka mu Januwale 2023. Kampani ya Tesla inatsitsa mitengo ku America tsiku limodzi. Model Y imene inali pa madola 65,990 inafika pa 52,990. Munthu amene anagula pa mtengo wakalewo anadzuka atataya madola 13,000 pa mtengo wa galimoto yake, ndipo onse amene anali ndi za 2021 ndi 2022 anatsika naye limodzi.

Ngakhale akuluakulu a malonda anapsa nazo. Kampani yobwereketsa magalimoto ya Hertz inalengeza mu Okutobala 2021 kuti igula ma Tesla 100,000. Mu Januwale 2024 inalengeza kuti ikugulitsa magalimoto a magetsi pafupifupi 20,000, chifukwa kukonza kunali kodula ndipo mtengo wake unali kugwa. Magalimoto ambiri a zaka zofanana atalowa pa msika nthawi imodzi, mitengo ya zaka zimenezo inavutikanso.

Kufupi ndi kwathu kuno, kampani ya ku China ya BYD inayamba kugulitsa magalimoto a magetsi atsopano ku South Africa mu 2023. Magalimoto atsopano otsika mtengo akamachuluka m'dera lino, amene ali ndi yakale ayembekezere kuti wogula adzakhala ndi poyerekeza.

MALAMULO NAWO AMAWERENGA ZAKA

Chaka cha galimoto chimalembedwa pa mapepala, ndipo mapepala ali ndi mphamvu pa mtengo.

Choyamba ndi garantiya ya batire. Makampani ambiri amapereka zaka 8 kapena makilomita 160,000, chimene chayamba kufika. Nissan inayamba kupereka zimenezi pa batire la 30 kWh. M'maiko amene galimotozi zimagulitsidwa zatsopano, galimoto ya zaka zisanu imakhala ndi zaka zitatu za chitetezo, pamene ya zaka zisanu ndi zinayi ilibe kanthu. Ogula amadziwa, ndipo pa chaka chachisanu ndi chitatu pamakhala sitepe lina. Leaf yolembetsedwa mu 2017, garantiya ya batire lake inatha mu 2025. Komanso tisadzinamize: garantiya ya ku Japan kawirikawiri siiwoloka nyanja. Galimoto ikafika kuno, batire lake ndi udindo wa mwini wake.

Chachiwiri ndi chiyeso cha boma la Japan chotchedwa shaken. Galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo chiyesocho ndi chodula. Eni ake ambiri amagulitsa chiyeso chisanakwane. N'chifukwa chake pa msika pamachuluka galimoto za zaka zitatu, zisanu ndi zisanu ndi ziwiri.

Chachitatu ndi malamulo a maiko ogula. Dziko la Kenya sililola kulowetsa galimoto yopyola zaka 8, ndipo mu 2024 bungwe lake la miyeso, KEBS, linalamula kuti galimoto ya magetsi yakale yolowa m'dzikomo ikhale ndi batire losachepera 80 peresenti. Lamulo lotere limakhudza ndi ife amene sitili ku Kenya. Galimoto zimene zakanidwa pa khomo limodzi zimatsika mtengo ndipo zimafuna khomo lina. Wogula akaona mtengo wotsika modabwitsa, adzifunse kuti ndi angati aikana isanafike kwa iye.

Ku America boma linkathandiza ogula galimoto ya magetsi yakale ndi madola ofika 4,000 kuyambira 2023, malinga ngati mtengo wake sunapyole madola 25,000 ndipo chaka chake chinali cham'mbuyo ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo. Thandizolo linatha pa 30 Seputembala 2025. Pa nthawi imene linalipo, nambala imodzi ya pa pepala inkasiyanitsa galimoto ziwiri zofanana ndi madola zikwi zinayi.

PULAGI YA CHAKA CHAKE

Pa bomba la gazolina, mpope umodzi umalowa m'galimoto iliyonse. Pa magetsi sizili choncho. Leaf ya ku Japan imatchajidwa mwachangu kudzera pa pulagi yotchedwa CHAdeMO. Ku Ulaya ndi ku South Africa malo ambiri otchajira mwachangu amagwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa CCS. Ku America, kuyambira 2023, makampani akuluakulu anayamba kusamukira ku pulagi ya Tesla. M'maiko amenewo, galimoto ya pulagi imene ikusiyidwa imatsika mtengo kuposa inzake.

Kuno kwathu mwini galimoto yotere adalire soketi ya pakhomo pake. Batire la 24 kWh limadzaza pa maola pafupifupi 8 pa chotchajira choyenera, ndiko kuti usiku umodzi. Chingwe chimene chimabwera ndi galimoto ya ku Japan chinapangidwira magetsi a 100 kapena 200 volts, pamene athu ndi a 220. Munthu wodziwa za magetsi achione, aonenso mawaya a m'nyumba, musanachilumikize. Koma kumbukirani kuti misewu yathu ikadzakhala ndi malo otchajira ambiri, amene adzagule galimoto yanu adzayang'ana ngati pulagi yake ikulowa.

PAMENE CHAKA CHIMANAMA

Tanena zambiri zoyamikira chaka. Tinenenso pamene chimasocheretsa.

Mu Ogasiti 2021 kampani ya General Motors inaitanitsa Chevrolet Bolt zonse za 2017 mpaka 2022 chifukwa mabatire ena ankatha kuyaka moto. Zambiri mwa zakalezo zinaikidwa mabatire atsopano, okulirapo pang'ono, ndi garantiya yatsopano ya zaka 8. Hyundai nayo mu 2021 inasintha mabatire a Kona Electric zambirimbiri. Zotsatira zake n'zakuti galimoto ya 2017 ikhoza kukhala ndi batire lachichepere kuposa ya 2020. Pa Leaf zimachitikanso: ena anasinthitsa batire pa garantiya, ena analipira okha. Wogulitsa akanena zimenezi, aonetse pepala la ku ofisina imene inagwira ntchitoyo.

Mbali ina, Renault Zoe zambiri zoyambirira zinkagulitsidwa popanda batire kukhala la mwini galimoto. Batire linali lobwereka, lolipiridwa mwezi ndi mwezi. Mtengo wa galimoto yotere umaoneka wotsika chifukwa chiwalo chake chodula sichili m'kati mwa mtengowo.

Komanso chaka chimene ogulitsa a ku Japan amalemba kawirikawiri ndi chimene galimoto inalembetsedwa koyamba. Chikhoza kusiyana ndi chimene inapangidwa. Batire limayamba kukalamba tsiku limene latuluka m'fakitale, osati tsiku limene galimoto yalandira nambala.

Makilomita nawo asakunyengeni. Leaf ya 2013 imene yayenda pang'ono koma inkakhala padzuwa itatchajidwa modzaza masiku onse, ikhoza kukhala ndi batire lofooka kuposa inzake imene yayenda kwambiri m'dera lozizira. Pa Corolla makilomita ochepa ndi nkhani yabwino nthawi zonse. Pa Leaf muyenera kuonanso timizere.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Nanga munthu achite chiyani asanatumize ndalama?

Afunse nambala ya chasisi ndi kukula kwa batire mu kWh, zilembedwe pa pepala la malonda. Apemphe chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyaka, awerenge yekha timizere tating'ono tija, asasokoneze ndi mizere yaitali. Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, mekaniko alumikize kachipangizo koyezera ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy, imene imaonetsa nambala yotchedwa SOH, ndiko kuti peresenti ya mphamvu imene yatsala. Izi n'zofunika chifukwa pali achinyengo amene amafufuta chikumbumtima cha kompyuta ya batire kuti timizere tonse 12 tionekenso, ndipo timazimanso pakapita masabata angapo. Leaf ya 2012 ya batire loyamba imene ikuonetsa timizere 12 ikhale yokayikitsa.

Chiyeso chosanama ndi msewu. Tchajani modzaza, lembani makilomita, yendani ulendo wodziwika monga wa Tete ndi Moatize kupita ndi kubwera, makina oziziritsa ali oyaka, ndiye muone magetsi amene atsala.

Pomaliza, awerenge ulendo wake wa tsiku ndi tsiku, aonjezere theka lina la ulendowo kuti likhale losungira, ndipo afunse ngati galimotoyo idzakwanitsabe patapita zaka zitatu za dzuwa lathu. Kwa munthu woyenda makilomita 30 pa tsiku, wokhala ndi mthunzi woimikapo galimoto, amene alibe cholinga chodzaigulitsa, Leaf yakale yogulidwa pa mtengo wotsikadi ikhoza kumutumikira ndi kumupulumutsa ku gazolina, m'chigawo chimene damu la Cahora Bassa limapanga magetsi oposa 2,000 MW. Ngakhale batire lotopa silikhala lopanda ntchito. Ku Japan, kampani ya 4R Energy, imene Nissan ndi Sumitomo anakhazikitsa mu 2010, imakonza mabatire akale a Leaf kuti azisunga magetsi m'malo ena. Mtengo wa galimoto yakale uli ndi pansi pamene umaima, ngakhale pansipo ndi potsika.

Koma kwa munthu amene galimoto ndi nkhokwe yake, amene amaigula podziwa kuti tsiku la vuto adzaigulitsa, ndi bwino kudikira nyengo ina ya fodya n'kukwera sitepe limodzi, kuchoka pa 24 kupita pa 40 kWh, kusiyana ndi kuthamangira yotchipa imene idzamukhalira pakhomo.

Ndiye owerenga athu, mukadzaima pafupi ndi galimoto ya magetsi, livrete lili m'manja, funsani chaka monga mwa chizolowezi. Mukamva yankho, musatseke pakamwa. Funsani kuti batire ndi la kWh zingati, kenako khalani pa mpando wa woyendetsa, muyatse galimoto, muwerenge timizere.